Voti ya mkaidi: ndende imalanda chiyani, nanga imasiya chiyani?

Gawo 77 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limatchula magulu atatu okha a anthu amene saloledwa kulowa m'kaundula wa ovota ngakhale atakwanitsa zina zonse zofunika. Woyamba ndi munthu amene malamulo agamula kuti mutu wake sukuyenda bwino. Wachiwiri ndi amene khoti linamugamula kuti anyongedwe. Wachitatu ndi amene wapezeka wolakwa pa mlandu wophwanya malamulo a chisankho, ndipo iyeyu samanidwa mpaka kalekale: amaphonya chisankho chimene walakwiracho, chinacho n'kubwerera pamzere ngati wina aliyense. Mndandanda wathera pomwepo. Wakuba mbuzi mulibemo, wothyola nyumba mulibemo, ngakhale wopha munthu amene akugwira ukaidi wa moyo wake wonse mulibemo.

Anthu ambiri akamva zimenezi amadzidzimuka, ena amapsa mtima. Amafunsa kuti, munthu wandibera katundu, wandivulaza, wandiphera m'bale, ndiye akhale ndi mawu ofanana ndi anga posankha mtsogoleri wa dziko? Funsoli si lachibwana, ndipo amene amalifunsa nthawi zambiri ali ndi bala lenileni. Ine ndimakhulupirira kuti mkaidi ayenera kuvota, koma sindingafike pamenepo polumpha anthu amenewa ngati kuti palibe chimene anena.

Ganizo lomana wolakwa voti ndi lakalekale. Ku Greece ndi ku Rome wakale, munthu wopalamula milandu ina ankachotsedwa pagulu la nzika, osaloledwanso kuyankhula pabwalo kapena kusankha atsogoleri. Ku Ulaya wa m'zaka zotsatira anafika pomutenga wolakwa ngati wakufa pamaso pa malamulo ngakhale akupuma: katundu wake ankalandidwa, sakanasumira munthu, sakanalandira chuma chamasiye. Zambiri mwa zilango zimenezi zinatha pang'onopang'ono, koma cha voti chinatsalira. Ku Britain lamulo la 1870 linathetsa kulanda katundu wa opalamula milandu ikuluikulu, koma linasiya chiletso cha kuvota, ndipo lamulo la zisankho la 1983 linachibwerezanso.

Amene amaikira kumbuyo chiletsochi lero ali ndi mfundo yaikulu imodzi: dziko limayenda pa mgwirizano woti tonse timvere malamulo, choncho wophwanya malamulo wadzichotsa yekha pa mgwirizanowo ndipo asakhale nawo posankha opanga malamulo. Ena amaonjeza kuti kumana voti ndi gawo la chilango, njira imene anthu amasonyezera kuti zimene wachitazo zawanyansa. Enanso amaopa kuti akaidi angavotere anthu ofewa pa nkhani ya umbanda.

Mfundo ya mgwirizano imamveka bwino pakamwa, koma ukaiyika pa anthu enieni imayamba kutsimphina. Si onse ophwanya malamulo amene amalowa m'ndende. Anthu awiri akhoza kupezeka olakwa pa mlandu wofanana tsiku limodzi, woweruza n'kugamula kuti alipire chindapusa kapena akagwire ukaidi. Wa ndalama amalipira, madzulo ali kwawo, tsiku la chisankho chala chake chili ndi inki. Wosauka amakwera galimoto ya kundende. Ngati chiletso chikutsata kukhala m'ndende, ndiye kuti sichikutsata kukula kwa mlandu, chikutsata thumba la munthu. Palinso nkhani ya nthawi. Wogamulidwa zaka zinayi atangotha kuvota akhoza kutuluka osaphonya chisankho n'chimodzi chomwe, pamene wogamulidwa miyezi itatu m'mwezi wa Ogasiti chaka cha chisankho amaphonya mwayi wa zaka zisanu. Chilango chotere palibe woweruza amene wachiyeza pasikelo. Chimangogwera munthu mwangozi.

Kumene nkhaniyi inakambidwa mozama kuno kumwera kwa Africa ndi ku South Africa. Pokonzekera chisankho cha 1999, nyumba ya malamulo ya kumeneko sinakhazikitse lamulo loletsa akaidi kuvota. Bungwe loyendetsa zisankho nalo silinanene kuti akaidi asavote. Linangokhala chete, osatumiza olembetsa kundende, osakonza malo ovoterako. Akaidi awiri anatengera nkhaniyi kukhoti: Arnold August, amene ankagwira ukaidi pa mlandu wa chinyengo, ndi Veronica Mabutho, amene anali pa rimandi kudikira mlandu wake. Pa 1 Epulo 1999 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mowakomera. Amene analemba chigamulocho ndi woweruza Albie Sachs, munthu amene ankadziwa mkati mwa chitokosi cha boma la tsankho chifukwa anatsekeredwamo yekhayekha, ndipo mu 1988 anaduka mkono ndi bomba limene anamutchera m'galimoto ku Maputo. Sachs anati voti ya nzika iliyonse ndi chizindikiro cha ulemu wake ndi umunthu wake, ndipo imalengeza kuti aliyense amawerengedwa. M'dziko limene anthu akuda anamanidwa voti kwa zaka zambirimbiri, mawu amenewa anali olemera.

Komabe chimene chili chofunika kwambiri kwa ife m'chigamulocho ndi china. Khoti linati bungwe la zisankho lilibe mphamvu yolanda munthu voti pongokhala osachitapo kanthu. Ngati ufulu uchepetsedwe, ziyenera kudzera m'lamulo lokambidwa poyera m'nyumba ya malamulo, lomwe khoti lingathe kuliunika. Mkaidi sangatuluke pageti kupita kukalembetsa. Amene wamutsekera ndi boma, choncho boma lomwelo ndilo liyenera kumubweretsera kaundula ndi bokosi.

Boma la South Africa linamva uphunguwo mwa njira yake. Mu 2003 linasintha lamulo la zisankho n'kuletsa kuvota akaidi onse amene anagamulidwa ukaidi popanda mwayi wolipira chindapusa. Bungwe lothandiza akaidi kubwerera m'midzi mwawo la NICRO linasuma. Boma linapereka zifukwa ziwiri: kuti ndalama ndi zipangizo n'zochepa, komanso kuti kulola akaidi kuvota kungapatse anthu chithunzi choti boma likunyengerera zigawenga. Mu Malichi 2004, kutatsala milungu yochepa kuti chisankho chichitike, khoti motsogozedwa ndi Arthur Chaskalson linakana zifukwa zonse ziwiri. Pa za ndalama linati magulu ovotetsa akupita kale kundende komweko kukavotetsa a pa rimandi, ndiye boma silinasonyeze kuti kuonjezera enawo kudya ndalama zingati. Pa za chithunzi linati boma silingalande anthu ufulu pofuna kudzikongoletsa pamaso pa ovota ena. Kuyambira pamenepo akaidi a ku South Africa amavota pa zisankho za dziko ndi za zigawo.

Ku Britain zinavuta, ndipo zinavuta chifukwa munthu amene anasuma sanali wochititsa chifundo. John Hirst anapha mayi mwini nyumba imene ankakhalamo, anamutema ndi nkhwangwa, ndipo mu 1980 anagamulidwa ukaidi wa moyo wake wonse. Ali m'ndende anaphunzira malamulo payekha n'kukasuma ku khoti la ufulu wachibadwidwe la ku Ulaya lomwe lili ku Strasbourg. Pa 6 Okutobala 2005, oweruza 12 mwa 17 anagamula kuti chiletso cha Britain n'cholakwika. Apa pamafunika kumvetsa bwino, chifukwa ambiri amasokoneza. Khotilo silinanene kuti mkaidi aliyense ayenera kuvota. Linati cholakwika ndi kuletsa onse chimodzimodzi, mosayang'ana kukula kwa mlandu kapena kutalika kwa chilango. Ngakhale zinali choncho, andale a ku London anakana kwamtuwagalu. Mu 2010 nduna yaikulu David Cameron inati kungoganiza zopatsa akaidi voti kumaidwalitsa, ndipo mu Febuluwale 2011 aphungu 234 anavotera kusunga chiletsocho, 22 okha ndi amene anatsutsa. Nkhaniyi inakokedwa zaka zoposa khumi, mpaka mu 2017 boma linalola kagulu kochepa ka akaidi amene amatulutsidwa kwa kanthawi pokonzekera kumasulidwa kuti azivota, anthu pafupifupi 100 okha pa nthawi imodzi. Scotland inapita patsogolo payokha mu 2020 polola ogamulidwa miyezi 12 kapena kucheperapo kuvota pa zisankho zake.

Mlandu wa Hirst ndi umene umayesa munthu ngati akukhulupiriradi zimene akunena. N'zosavuta kumenyera ufulu wa wakuba nkhuku. Nanga wa nkhwangwa uja? Yankho langa n'lakuti chilango chake chinali ukaidi, ndipo anakhala m'ndende zaka zoposa makumi awiri. Banja la mayi amene anaphedwa silinabwezeredwe kalikonse chifukwa choti iye sanavote. Chimene olakwiridwa amafunika ndi apolisi ofufuza mwachangu, makhoti osachedwetsa milandu, chipepeso kumene n'kotheka, ndi chitetezo kuti wolakwayo akatuluka asadzabwerezenso. Kumana voti sikubweretsa ngakhale chimodzi mwa zimenezi. Sindinamvepo za wakuba amene anabweza dzanja pawindo la munthu chifukwa choopa kuphonya chisankho.

Mayiko ena anasankha njira zosiyanasiyana. Ku Canada, khoti lalikulu mu 2002 linathetsa chiletso chonse pa mlandu wa Richard Sauvé, ngakhale oweruza anagawikana 5 kwa 4. Ku Australia, mayi wa mtundu wa eni nthaka a kumeneko, Vickie Roach, anapambana mu 2007, koma khoti linalola kuti ogamulidwa zaka zitatu kapena kuposerapo apitirize kumanidwa. Ku Germany akaidi amavota, kupatula pamene woweruza walamula yekha, pa milandu yochepa yolimbana ndi boma kapena chisankho monga kuukira dziko ndi kubera mavoti, ndipo chiletsocho chimakhala cha zaka ziwiri mpaka zisanu. Njira ya Germany ndi imene ikufanana ndi mzimu wa gawo 77 lathu, ndipo ndi imene ndimaiona yanzeru: wobera chisankho alangidwe pa chisankho, popeza chilango chikugwirizana ndi mlandu.

Pali chifukwa china chimene chimandilimbitsa mtima kuposa zonsezi. Amene ali ndi mphamvu yomanga anthu akakhalanso ndi mphamvu yochotsa omangidwawo m'kaundula, ndiye kuti wapatsidwa chida chosankhira ovota ake. Ku America zimenezi si nthano. Ukapolo utatha, zigawo zina za kumwera zinalemba malamulo omana voti pa milandu imene ankaganiza kuti anthu akuda ndi amene amamangidwa nayo kwambiri. Malamulo aakulu a chigawo cha Alabama a 1901 analembedwa ndi cholinga chimenechi poyera, ndipo mu 1985 khoti lalikulu la America linathetsa ndime imeneyo litaona umboni wa tsankholo. Mpaka lero anthu pafupifupi 4 miliyoni ku America saloledwa kuvota chifukwa cha milandu, ambiri mwa iwo atatuluka kale m'ndende. Zigawo za Maine ndi Vermont, pamodzi ndi mzinda wa Washington, ndi kumene mkaidi amavota ali m'kati. Ku Florida, kumene chisankho cha pulezidenti cha 2000 chinasiyana ndi mavoti 537 okha, anthu mazanamazana a zikwi anali oletsedwa. Mu 2018 anthu a kumeneko anavota kuti ambiri mwa omaliza chilango abwezeredwe ufulu wawo, koma chaka chotsatira aphungu anaika lamulo loti ayambe amaliza kulipira zindapusa ndi ngongole zonse za kukhoti.

Ifenso mbiri yathu ikutiuza kuti kuvala foya si umboni woti munthu ndi mdani wa dziko. Kamuzu Banda anatsekeredwa ku Gwelo kuyambira mu Malichi 1959 mpaka Epulo 1960. Chakufwa Chihana anamangidwa pabwalo la ndege ku Lilongwe mu Epulo 1992, khoti n'kumupeza wolakwa pa mlandu woukira boma chifukwa chofuna ndale za zipani zambiri, ndipo anatuluka kutatsala masiku ochepa kuti riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ichitike. Ku Zambia, Hakainde Hichilema anakhala m'ndende masiku 127 mu 2017 pa mlandu woukira boma umene unachokera pa kusapatukira mdipiti wa galimoto za pulezidenti ku Mongu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndikuganiza kuti amene analemba malamulo athu a 1994, ena mwa iwo atangotuluka kumene ku Mikuyu ndi ku Zomba, sanaiwale mwangozi kuika akaidi pa mndandanda wa oletsedwa.

Tikayang'ananso amene adzaza ndende zathu, ena mwa iwo sanapezeke n'komwe olakwa. Ali pa rimandi, ena miyezi, ena zaka, chifukwa fayilo yasowa, mboni sizikubwera, kapena alibe wowaimira pa belo. Pamaso pa malamulo amenewa ndi osalakwa, ndipo ngakhale komiti ya United Nations yoona za ufulu wachibadwidwe inanena mu 1996 kuti munthu wotsekeredwa koma wosagamulidwa asamanidwe voti. Pa iwowa palibe mkangano; ngakhale Britain imawalola.

Nanga voti ingamuthandize chiyani munthu amene vuto lake lalikulu ndi njala ndi malo ogona? Mu 2009, pa mlandu wa mkaidi Gable Masangano, khoti lathu linamva umboni wa momwe akaidi amakhalira: kudya kamodzi patsiku nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, ndi kuthithikana m'zipinda zopanda mpweya wokwanira. Amene analowako amadziwa za shamba, pakati pa selo pamene anthu amagona chokhala, wina pakati pa miyendo ya mnzake, usiku wonse osatambasuka. Khoti linati zimenezi n'zonyazitsa umunthu ndipo linapatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Zaka zadutsa, ndende zikusungabe anthu ochuluka kwambiri kuposa amene zinamangidwira. Amene amagawa ndalama za chakudya, mankhwala ndi zomangamanga za ndende ndi aphungu, ndipo phungu amathamangira kumene kuli mavoti. Gulu la anthu lopanda voti limakhala kumapeto kwa bajeti chaka ndi chaka. Sindikunena kuti voti yokha idzakuza maselo, koma kuichotsa n'kuchotsa chifukwa chomaliza choti wandale aponde pageti la ndende.

Oopa kuti akaidi angasankhire dziko mtsogoleri akhazikitse mtima pansi. Akaidi onse m'Malawi safika 20,000, pamene ngakhale chisankho chothinana cha 2019, chimene khoti linachithetsa, chinasiyana ndi mavoti pafupifupi 159,000. Ndipo akaidi savota ngati munthu mmodzi. Amachokera m'zigawo zonse, aliyense ndi chipani chake, mpingo wake, nkhawa za ana ake amene anawasiya kumudzi.

Kumene kuli mavuto enieni ndi kwina, ndipo okonda ufulu wa akaidi sachita bwino akamawabisa. Ndende yaikulu ngati ya Zomba, Maula kapena Chichiri imasunga anthu oposa 1,000. Mavoti onsewo akawerengedwa mu wodi imene muli ndendeyo, akhoza kusankhira khansala anthu a m'deralo pamene ovotawo ndi a ku Chitipa, Nsanje ndi Mchinji. Canada inathetsa vutoli powerengera voti ya mkaidi kudera limene ankakhala asanamangidwe. Kenya inadutsa njira yachidule: khoti litalola akaidi kuvota pa riferendamu ya 2010, pa chisankho cha 2017 akaidi pafupifupi 5,500 amene analembetsa analoledwa kuvotera pulezidenti yekha. Njira ya Kenya ndi yosavuta koma imapatsa munthu theka la ufulu wake.

Vuto lalikulu kuposa pamenepo ndi chinsinsi. Mkaidi moyo wake wonse uli m'manja mwa ena: woyang'anira ndende ndi amene amanena za ntchito imene agwire ndi alendo amene awaone, nyapala ndi amene amagawa malo ogona m'selo. Ngati bokosi la ndende liwerengedwa palokha n'kupezeka kuti ambiri avotera otsutsa, aliyense akudziwa kumene mkwiyo ungagwere. Ngati wina wanong'oneza kuti chikhululukiro cha pulezidenti pa 6 Julayi chidzatengera mmene mwavotera, voti ija si yaufulunso. Mankhwala ake alipo: ovotetsa akhale a bungwe la zisankho osati ogwira ntchito kundende, oimira zipani ndi oyang'anira chisankho aloledwe kulowa, malo ochongera akhale obisika kwa aliyense wovala yunifolomu, ndipo mavoti a kundende asakanizidwe ndi ena asanawerengedwe. Palinso nkhani ya uthenga. Msonkhano wa ndale sungachitikire m'bwalo la ndende, koma wailesi, nyuzipepala ndi timapepala ta mfundo za zipani zonse zikhoza kulowa mofanana. Zambia inakumana ndi mafunso onsewa khoti lake litagamula mu 2017, pa mlandu umene anasuma Godfrey Malembeka wa bungwe losamalira akaidi la PRISCCA, ndipo pa 12 Ogasiti 2021 akaidi anavota koyamba, pafupifupi 14,000 atalembetsa.

Kwathu kuno, kumene malamulo aakulu analola kale, ufuluwu sutayika m'khoti kapena m'nyumba ya malamulo. Umatayikira pa tinthu tooneka tating'ono. Lamulo la zisankho la 2023 limafuna umboni woti munthu analembetsa ku NRB, bungwe lopereka ziphaso zaunzika. Mkaidi amene chiphaso chake chaunzika chinatsala kumudzi, chinasowa pomangidwa, kapena sanalembetsepo n'kale lonse, sangapite ku ofesi ya boma kukakonza. Wina amalembetsa ali kwawo, n'kumangidwa chisankho chisanafike. Wina amalembetsa ali ku Chichiri, mwezi wotsatira n'kusamutsidwira ku Mikuyu, dzina lake n'kutsala kumene wachoka. Winanso amalembetsa m'ndende, n'kutuluka kupita kwawo ku Karonga. Palibe amene wamuletsa aliyense wa iwowa, komabe tsiku lovota onse manja ali m'khosi. Iyi ndi nkhani yomwe ija ya August ndi Mabutho, ndipo yankho lake ndi lomwe lija: amene ali ndi makiyi ndiye ali ndi udindo. NRB iyenera kulowa m'ndende kalembera asanayambe, ndipo nthambi ya ndende ipereke ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC mayina a osamutsidwa ndi otulutsidwa nthawi yosintha malo ovotera isanatsekedwe.

Ndime yoletsa ogamulidwa kunyongedwa nayo ikufunika kuiunikanso. Malawi sananyonge munthu chiyambire 1992. Mu 2007, pa mlandu wa Kafantayeni, khoti linathetsa lamulo loti aliyense wopezeka ndi mlandu wakupha azinyongedwa basi, ndipo milandu itaunikidwanso, anthu oposa 100 amene kale anagamulidwa imfa anatuluka n'kubwerera m'midzi mwawo. Vera Chirwa anagamulidwa kunyongedwa mu 1983 pamodzi ndi mwamuna wake Orton. Anatuluka mu Januwale 1993, ndipo pambuyo pake anasankhidwa kukhala woyang'anira za ndende m'bungwe la ufulu wachibadwidwe la mu Africa. Ndimeyi inalembedwa poganiza kuti munthuyo moyo wake watha. Masiku ano wogamulidwa imfa ndi wogamulidwa ukaidi wa moyo wonse amakalamba m'mpanda umodzi, akudya phala limodzi, pansi pa boma limodzi, koma mmodzi ali ndi voti, winayo alibe. Aphungu akadzakhala pansi kuunikanso gawo 77, ndime imeneyo ichotsedwe, ndipo MEC izilengeza pa chisankho chilichonse, ndende ndi ndende, kuti oyenera kuvota analipo angati, analembetsa angati, ndipo amene anafikadi pabokosi ndi angati.